Mau a Makolo Sasungidwa ndi Loko

Akulu anati, "Mau a akulu akoma akagonera." Mwambi umenewu ngwoona, koma mau amene agonera ndi okhawo amene wina anawasunga. Mau otayika angoti zii, monga ngati sananenedwe konse. Cifukwa cace ndifuna kutsutsa maganizo amene afala pakati pathu, akuti kusunga matepi, mbale za galamafoni ndi mafilimu m'malaibulale ndi m'nyumba za wailesi ndi nchito ya mlonda, yongofuna cipinda, loko ndi munthu wokhala pa mpando. Maganizo otere ndiwo adzatitayitsa mau a makolo athu.

Poyamba tikumbutsane cuma cimene tirikunena. Wailesi inayamba kulankhula m'Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo yaikuru. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa £5, kamene kanalowa m'midzi ndi m'makomboni. Anchito a Central African Broadcasting Station anayenda m'maiko atatu a cigawo cino kujambula nyimbo za anthu wamba, ndipo mmodzi wa iwo anali Alick Nkhata, woimba wochuka amene anaphedwa ku Mkushi m'caka ca 1978 pamene asilikari a Rhodesia anaukira dera limenelo. Pambuyo pa ufulu wa 1964 kunamveka Julius Chongo ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo, zimene zinakhazika cete mabanja olankhula Cinyanja kuyambira ku Chipata kufikira ku Migodi. M'zaka za m'ma 1970 anyamata monga Paul Ngozi, Rikki Ililonga ndi a gulu la WITCH anadzaza dziko ndi magitala ao. Onjezanipo mau a mafumu, a atsogoleri a ndale, a alaliki ndi a nkhalamba zofotokoza mbiri ya mafuko ao. Zonsezi zinagwidwa pa zinthu zimene zimaola.

Anthu ambiri saona kusiyana kwa buku ndi tepi. Buku losindikizidwa pa pepala labwino likhoza kukhala zaka 100 pa alumali, ndipo munthu ali yense wodziwa kuwerenga angalitsegule ndi manja ace. Tepi siiri tero ai. Ndi kacingwe kopyapyala ka pulasitiki kamene anamatapo fumbi la citsulo ndi ulimbo, ndipo mau akhala m'fumbi limenelo. Cinyezi ca m'dzinja cikalowa, ulimbo umafewa, tepi imamatirira, ndipo poiimba fumbi lija limatsala pa makina, mau namuka nalo pamodzi. Cuku naconso cimamera pamenepo monga cimera pa nsima yogona. Filimu yakale ikayamba kuonongeka imanunkha ngati viniga, nikwinyika kufikira sitha kulowanso m'makina, ndipo kutentha kwa mwezi wa October kumafulumiza kuola kumeneku. Tsono munthu amene atsekera zinthu izi m'cipinda cotentha, naika makiyi m'thumba, alikulonda manda, ngakhale iye aganiza kuti alikulonda nkhokwe.

Palinso tsoka laciwiri loposa loyambalo. Ngakhale tepi ikhale yamoyo, ifuna makina oiimbira, ndipo makinawo analeka kupangidwa. Kampani ya Funai ya ku Japan, imene inatsala yokha kupanga makina a makaseti a VHS, inaleka m'caka ca 2016. Zitsulo zokonzera makina akale zirikusowa, amisiri amene anazidziwa alikukalamba. M'caka ca 2015 nyumba yosunga mafilimu ndi mau ya dziko la Australia inacenjeza kuti matepi amene sadzakhala atakopedwa pofika 2025 ambiri a iwo adzatayika kosabwerera. Caka anachulaco cafika kale. Ngati dziko lolemera cotero linacita mantha, nanga ife tigona tulo cifukwa ninji?

Wina adzati, "Anthu alikusowa mankhwala m'zipatala, ana alikukhala pansi m'masukulu, kodi ndarama za Boma zipite ku nyimbo za akufa?" Funso limeneli nlolemera ndipo sindilinyoza. Koma taonani kusiyana kwace. Sukulu imene yalephera kumangidwa caka cino ingamangidwe caka ca mawa, pakuti njerwa sizithawa. Tepi imene yaola caka cino palibe ndarama imene ingaiukitse. Ngakhale m'caka ca njala mai wanzeru sakazinga mbeu, cifukwa adziwa kuti "Ndidyeretu, cire anasowa mbeu." Tisayese kuti kutaya kotere kumacitika kwa osauka okha. A BBC ku London anafafaniza matepi ao ambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuti ajambulirepo zatsopano, poganiza kuti alikusunga ndarama, ndipo pambuyo pace anayamba kupempha anthu wamba kuti awabwezere makope amene anali nao kunyumba.

Wina adzatinso, "Asiyeni akunja, iwo ali ndi makina ndi ndarama." Zoona, akunja atithandiza, ndipo kukana kuwathokoza nkusowa ulemu. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music m'caka ca 1954, anajambula nyimbo za Atonga a m'cigwa ca Gwembe m'caka ca 1957, madzi a Kariba asanamize midzi imene anthu ngati 57,000 anasamutsidwamo. Ernst Wendland analemba nthano za Chongo m'mabuku kuti zisaiwalike. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inaturutsanso nyimbo za WITCH m'caka ca 2012. Koma lingalirani bwino tanthauzo lace. Matepi a Tracey asungidwa ku Rhodes University, m'mzinda wa Makhanda ku South Africa. Nyimbo zimene makolo athu anabvina ku Kitwe ndi ku Ndola, ana athu ambiri anazidziwa pamene zinabwerera kucokera ku America. Mlendo amasankha cimene camkomera iye ndi cimene cingagulidwe kwao. Sadzataya nthawi yace pa mlandu wa malire umene mfumu inaweruza m'Cinsenga, kapena pa phunziro la ulimi limene linaulutsidwa m'Cinyanja, pamene kwa ife zimenezo ndizo mbiri yathu yeni-yeni. Ndiponso thandizo la akunja limadza ngati mvula ya mkuntho: zaka ziwiri kapena zitatu, makina atsopano, cikondwerero, kenaka ndarama zatha ndipo makina agwira fumbi. Khasu lobwereka silimaliza munda.

Acinyamata ndiwo adzati, "Zonse ziri kale pa intaneti, jambulani ndi foni, ikani pa YouTube, nchito yatha." Apa ndi pamene pali cinyengo cacikuru. YouTube ndi Facebook ndi misika ya eni ace, amene angacotse cinthu tsiku liri lonse osafunsa munthu. Nyimbo ya MP3 ndi yofinyidwa, ndiye kuti zina za m'mau ace zinatayidwa dala kuti icepe. Kompyuta nayonso imafa, ndipo ikafa imapita ndi zonse nthawi imodzi, osanunkha viniga kuti muzindikire. Mbeu siisungika poitsekera zaka 20 m'cikwatu. Imasungika poibzala ndi kuikolola caka ndi caka. Mau oikidwa m'kompyuta ali cimodzi-modzi: afuna munthu wowayang'ana nthawi zonse ndi kuwasamutsira pa zosungira zatsopano zakale zisanafe.

Nanga nchito ya woyang'anira nkhokwe ya mau ndi yotani? Coyamba awerenge zonse zimene ziri m'manja mwace, pakuti sungapulumutse cimene sudziwa kuti uli naco. Caciwiri asankhe zoyamba kukopedwa, ndizo zimene ziribe kope lina pa dziko lonse ndi zimene zayamba kale kuonongeka. Kusankha kumeneku nkowawa, cifukwa zina zidzatsala. Tepi yomatirira amaiumitsa pa kutentha kwa madigiri ngati 50, ndipo ikatero imalola kuimbidwa kwa masiku owerengeka okha, motero aikope msanga ndi mosamala, mosafinya mau. Kukopa sikufulumizidwa: tepi ya ora limodzi ifuna ora lathunthu, kuonjezapo kuiyeretsa ndi kukonza makina. Tiyerekeze nyumba imene iri ndi maora 6,000 a matepi, ndi munthu mmodzi wokopa maora 4 pa tsiku kwa masiku 240 pa caka: ameneyo adzatha zaka zoposa 6. Atakopa, asunge makope atatu, limodzi la iwo m'mzinda wina, kuopa moto. Aganizirenso za magetsi, pakuti cilala ca 2024 cinationetsa m'mene dziko limadera madzi akacepa ku Kariba.

Yotsala ndiyo nchito imene makina sangaicite. Pa kope liri lonse palembedwe woimba ndani, mudzi wace, caka, cinenero ndi mwambo umene nyimboyo inaimbidwira. Mau opanda dzina ali ngati mwana wotoledwa pa mseu. Amene angazindikire mau amenewo ndi nkhalamba zimene zinagwira nchito pa wailesi ndi abale a oimbawo, ndipo iwonso alikutha monga matepiwo. Woyang'anira adziwenso kuti si zonse ziyenera kumwazidwa poyera. Nyimbo za m'cinamwali ndi zinsinsi za kudambwe zisungidwe, inde, koma za amene aloledwa kuzimva aweruze eni mwambo. Ndipo pamene nyimbo yakale yagulitsidwa, ana a woimbayo asaiwalidwe. Kodi imeneyi ndi nchito ya mlonda? Ifuna mmisiri wa makina, wodziwa zinenero zathu, wodziwa malamulo, ndi wolimba mtima kukakangana ndi osunga cuma.

Cotero zimene tifuna nzosabisika. Nchito imeneyi ikhale ndi ndarama zace m'cuma ca Boma caka ndi caka, monga miseu iri nazo. Anthu aphunzitsidwe ndi kulembedwa nchito yokhalitsa. Nyumba ya wailesi ya ZNBC, National Archives of Zambia, mayunivesite ndi nyumba za cikhalidwe agwirizane pa makina ocepa amene atsala, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tiri ndi lamulo lakuti wosindikiza buku apereke kope ku National Archives. Nzeru yomweyo itsatidwe ndi mphamvu yomweyo pa nyimbo ndi pa mafilimu. Tsiku la 27 October, limene UNESCO inapatula m'caka ca 2005 kuti likhale lokumbukira cuma ca mau ndi zithunzi zoyenda, likhale tsiku lofunsa akulu a maofesi kuti maora angati akopedwa caka cimeneco, ndipo ayankhe ndi manambala.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, musati nkhani iyi njakutali ndi inu. M'masutikesi a agogo anu, m'machalichi ndi m'masukulu muli makaseti a maukwati, a makwaya ndi a maliro a mafumu. Aturutseni pa malo otentha ndi a cinyezi, musawaimbe pa makina osweka, ndipo funsani akulu akali ndi moyo kuti akuuzeni amene alikulankhulamo, mulembe. Ena mwa inu amene manja ao akonda mawaya, funani amisiri akale a mawailesi akuphunzitseni asanatsikire kuli cete. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pacala ngwa mphepo.