Mumati ndi wofooka, koma pakavuta mumathamangira kwa iye

Pabanja lililonse pamakhala mmodzi. Akangolowa m'nyumba amadziwa kuti bambo ndi mayi ayambana, ngakhale onse akumwetulira. Pa gulu la WhatsApp wina akalemba kuti "ndili bho", iye yekha ndi amene amaona kuti bho ameneyo ndi wabodza, n'kumuimbira. Akapita kumaliro a munthu amene samamudziwa n'komwe, amabwerako mutu ukuwawa.

Ndiye timamupatsa mayina. Wa misozi pafupi. Wosachedwa kukhumudwa. Akakhala mnyamata ndiye zimanyanya: "Iwe, mwamuna salira, limba mtima."

Chimene chimandinyansa ine n'chakuti anthu omunenawo ndi omwenso amamuimbira 11 koloko usiku chibwenzi chikatha. Amaflasha kumene, iye n'kuimba ndi mayunitsi ake. Amakhuthula zonse, ola lathunthu, kenako n'kukagona tulo tofa nato. Mnzawoyo amatsala maso ali gwa mpaka tambala kulira, atasenza mtolo wa eni. M'mawa akati watopa, amuuza kuti vuto lake amaganiza kwambiri. Aaa! Zoganizazo wamupatsa ndani?

Mu 1996 Elaine Aron, katswiri wa za maganizo wa ku America, anatulutsa buku lotchedwa The Highly Sensitive Person. Iye anati anthu 15 mpaka 20 mwa 100 alionse amabadwa choncho: phokoso, kuwala, kusintha pang'ono kwa nkhope ya mnzawo, zonse zimawalowa mozama kuposa ena. Si matenda, si ziwanda zoti mukawapempherere, komanso sikuti makolo anawalera mowasasatitsa. Werengani nokha: m'minibasi yodzaza muli pafupifupi atatu, ndipo kondakitala akamakalipira gogo chifukwa cha chenji, iwo ndi amene mtima umawawawa ngati gogoyo ndi wawo.

Pano sindikunena za aja a pa TikTok odzitcha "empath", amene misozi yawo imadikira kamera. Ndikunena za uja amene analeza nanu mtima chaka chonse ntchito itakutherani, koma mpaka lero simunamufunsepo kuti iye zikumuyendera bwanji. Mumati n'chifukwa chakuti sadandaula. Angadandaule bwanji kwa munthu amene anamuseka kale kuti amalira msanga?

Lamlungu likubwerali akazimitsa foni, musayambe zoti wayamba matama, ndipo musatume mwana kukagogoda kuti mumve ngati wakwiya. Sanakwiye. Akugona.