Kodi Wophunzira wa ku Chirunga Amagona Kuti?

Chaka chiri chonse, Yunivesite ya Malawi ikalandira ophunzira atsopano ku Chirunga mu mzinda wa Zomba, sabata yoyamba imakhala ya chilangizo. Anyamata ndi atsikana ochokera ku sekondale amasonkhanitsidwa pamodzi nauzidwa malamulo a pakoleji. Amaonetsedwa nyumba yowerengeramo mabuku, zipinda zophunziriramo ndi kachipatala kawo. Amachenjezedwanso za mowa ndi za kachilombo ka HIV, ndipo chenjezolo n'loyenera ndithu. Koma dzuwa likapendeka, ambiri mwa iwo amanyamula zikwama zawo natuluka pachipata kulowera ku Chikanda ndi ku madera ena ozungulira koleji, kumene adapeza chipinda cha lendi. Kumeneko n'kumene amagona, kuphika, kusamba ndi kudzithandiza. Thanzi la wophunzira wa masiku ano limasungika kapena kuonongeka kunja kwa mpanda wa koleji, ndipo ulangizi wa zaumoyo uyenera kumtsata kufikira pakhomo pamene amagonapo.

Kale sizinali chonchi. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro adayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira pafupifupi 90. M'chaka cha 1973 Chancellor College idasamukira ku Zomba. Pa masiku amenewo wosankhidwa kupita ku koleji ankapeza bedi likumdikira, ankadya katatu pa tsiku m'chipinda chodyeramo, ndipo madzi a m'mpopi anali pafupi ndi khomo lake. Moyo wake unali m'manja mwa koleji usana ndi usiku. Komatu mwayi umenewu unkagwera anthu owerengeka, pamene ana ambiri anzeru ankabwerera kumudzi chifukwa malo anali ochepa. Motero n'chinthu chonyaditsa kuti khomo lidakula. Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, koleji ya Bunda idaima payokha mu 2012, ku Thyolo kudatsegulidwa yunivesite ya sayansi mu 2014, ndipo mu 2021 makoleji a Polytechnic ndi a zaudotolo ndi unamwino adapatuka nakhala mayunivesite paokha, dzina la Yunivesite ya Malawi n'kutsalira ku Chirunga. Ophunzira tsopano akuwerengedwa m'zikwi. Koma walira mvula walira matope: zipinda zogona za pakoleji sizidachuluke pa liwiro limene ophunzira adachulukira.

Anthu okhala pafupi ndi koleji adaona mwayi, ndipo palibe wowadzudzula pa chimenecho. Ena adamanga nyumba zabwino, za mazenera akulu ndi madzi pakhomo. Koma ena adangogawa chipinda chimodzi pawiri, kapena kumata kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, n'kuikamo anthu atatu kapena anayi. Zenera ndi kabowo kamene mphaka yekha angapitepo. Chimbudzi chokumba n'chimodzi cha mabanja angapo pamodzi ndi ophunzira onsewo, ndipo kawirikawiri chiribe chivundikiro ngakhale madzi osamba m'manja. Madzi akumwa amasungidwa m'ndowa yosavundikira, ali yense akumizamo kapu yake. Mnyamata wochokera ku Chitipa kapena mtsikana wochokera ku Nsanje amafika ku Zomba madzulo atatopa ndi ulendo, ndipo amafunsa mafunso awiri okha: lendi ndi ndalama zingati, ndipo kupita ku kalasi ndi mtunda wautali bwanji. Za chimbudzi amazidziwa m'mawa mwake, ndalama atapereka kale.

Amene akuganiza kuti nkhaniyi njochepa akumbukire chaka cha 2022. Mu Malichi chaka chimenecho matenda a kolera adabuka m'boma la Machinga, loyandikana ndi Zomba, pambuyo pa madzi osefukira a namondwe Ana. Mliriwo udafalikira dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Sukulu za pulayimale ndi sekondale m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023 chifukwa cha mliri womwewo. Kachilombo ka kolera kamatuluka m'chimbudzi cha wodwala, n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya kudzera m'manja osasamba, mu ntchentche, kapena m'madzi a mvula amene akokolola zonyansa kuzithira m'chitsime ndi mumtsinje. Wodwala amatsegula m'mimba madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, ndipo akapanda kubwezeretsa madzi m'thupi angathe kufa m'maola ochepa. Kachilomboka sikafunsa ngati munthu akuphunzira zamalamulo kapena zasayansi. Mtsinje wa Likangala, umene umadutsa mu mzinda wa Zomba, umakathira m'nyanja ya Chilwa kumene kolera wakhala akuvutitsa asodzi kwa zaka zambiri, kotero kuti zonyansa zotayidwa m'tauni zimakapweteka anthu a kumunsi. Matenda a taifodi amayendanso njira yomweyi. Katemera wake adaperekedwa mu Meyi 2023 kwa ana osapitirira zaka 14, ndipo amene anali pa yunivesite pa nthawiyo anali atapyola kale msinkhu umenewo.

Pali mdani wina amene sakambidwa kawirikawiri, ndiye mbaula. Zomba ili m'tsinde mwa phiri, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira kolowa m'mafupa. Magetsi akathima, wophunzira amaphika pa makala. Akatha kuphika amalowetsa mbaulayo m'chipinda kuti aziwotha akuwerenga, chitseko n'kutseka, kazenera kaja n'kutsekanso ndi chiguduli. Makala akamayaka m'malo mosapita mphepo amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo ndi wosaoneka ndi maso. Mpweyawu umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu kuwawa, chizungulire ndi tulo, ndipo popeza wakhala akuwerenga usiku wonse amangoti n'kutopa. Amagona, ndipo ena sadzukanso. Mbaula malo ake ndi panja, ngakhale makala ataoneka ngati azirala. Wopezeka atakomoka m'chipinda chotere atulutsidwe msanga kumphepo ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Chipinda chothinana chimasunganso chifuwa chachikulu cha TB. Wodwala akatsokomola, tizilombo timakhala tikuyandama mu mpweya kwa nthawi yaitali ngati zenera liri lotseka, ndipo anzake ogona naye amatipuma usiku ndi usiku. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda ndi zizindikiro zoti munthu akayezetse makhololo. Kuyezetsa ndi mankhwala omwe n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo womwa mankhwala mokhulupirika kwa miyezi isanu ndi umodzi amachira. Chomvetsa chisoni n'chakuti wophunzira amazengereza, akuti ayambe walemba mayeso. Mphere, nsikidzi ndi malungo nazo zimakonda malo omwewo.

Tsono pali njala. Masiku ano wophunzira amadzigulira yekha chakudya. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015, limathandiza ena, koma silifikira onse, ndipo ndalama zikachedwa lendi ndiyo imayamba kulipiridwa, mimba n'kudikira. Alipo amene amadya kamodzi pa tsiku, nsima ya bonya madzulo, masana n'kungotafuna chitumbuwa. Munthu wanjala sagwira zimene akuwerenga, ndipo thupi lake limagonja msanga ku matenda. Njala yomweyi ndiyo imakankhira atsikana ena m'manja mwa abambo a magalimoto amene amaima pafupi ndi koleji madzulo. Kuwauza atsikana otere kuti adzisunge, osafunsa chimene adya tsikulo, n'kulankhula ndi mphepo.

Pa zisangalalo za kumapeto kwa sabata, zimene ophunzira amazitcha social weekend, mavuto onsewa amakumana pamodzi. Zisangalalozo pazokha si zoipa. Achinyamata amene akhala akulimbana ndi mabuku kwa miyezi ayenera kuvina, kusewera mpira ndi kuseka. Koma gule akatha pakati pa usiku, wogona pakoleji amayenda mapazi ochepa n'kufika pabedi pake, pamene wa ku Chikanda amayenda mumdima, mwina atamwa mowa waukali m'mimba mopanda kanthu. Okonza zisangalalo amadziwa kuitana oimba ndi kubwereka zokuzira mawu. Iwo omwewo angathe kukonza zoti pamalopo pakhale madzi akumwa, zimbudzi zokwanira, makondomu, ndi magulu operekezana pobwerera. Zimenezi ndalama zake sizifika ngakhale pa mtengo wa woimba mmodzi.

Ena amanena kuti wophunzira wa pa yunivesite ndi munthu wamkulu, ndipo kumene wasankha kugona ndi nkhani yake ndi mwini nyumba. Mawuwa ali ndi mbali yoona, pakuti koleji singakhale kholo la munthu wa zaka 20. Koma kusankha kumafuna kuti pakhale zinthu ziwiri zosankhapo, ndipo mwana wa mlimi amene wasowa malo pakoleji sasankha kanthu, amangolowa pamene thumba lake lamlola. Enanso amaopa kuti eni nyumba akakakamizidwa kukonza malo awo adzakweza lendi, ndipo wovutika adzakhala wophunzira yemweyo. Manthawa ngomveka, ndipo n'chifukwa chake zofunsidwa kwa eni nyumba ziyenera kukhala zimene munthu wamba angakwanitse. Chivundikiro cha pachimbudzi ndi thabwa lokhala ndi chogwirira. Mpondagiya ndi kachigubu, chingwe ndi timitengo, sopo kapena phulusa pambali. Dzenje la zinyalala limafuna khasu basi. Kukuza zenera ndi ntchito ya mmisiri ya tsiku limodzi. Mwini nyumba amene amalandira lendi ya anthu anayi mwezi ndi mwezi sangalephere zimenezi, ndipo akumbukire kuti ana ake omwe amagwiritsa ntchito chimbudzi chomwecho. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mphamvu zoyendera nyumba si zachilendo m'dziko muno. Lamulo la zaumoyo la m'chaka cha 1948 lidapatsa makhonsolo udindo woletsa nyumba zothinana ndi zauve zimene zingaononge thanzi la okhalamo. Chimene chikufunika n'chakuti akuluakulu oyang'anira za ophunzira, a khonsolo ya mzinda, alangizi a zaumoyo ndi mafumu a m'maderamo akhale pansi pamodzi nalembe kaundula wa nyumba zoyenderedwa. Kaundulayo atumizidwe kwa wophunzira pamodzi ndi kalata yomuitana ku koleji, kuti adziwe kogogoda asanakwere basi. Mwini nyumba wolembedwamo adzapindula, pakuti zipinda zake zidzadzaza msanga, ndipo wosalembedwa adzaona yekha chifukwa chokonzera pakhomo pake popanda womuopseza. Zomwezi zingachitike ku Chitawira ndi ku Zingwangwa mu Blantyre, ndi ku Luwinga mu Mzuzu, kumene ophunzira a mayunivesite ena amachita lendi.

Koma gawo lalikulu ndi la ophunzira eni ake, ndipo mbiri ya koleji yawo ikuwapatsa chitsanzo. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi a zisudzo monga a Chris Kamlongera ndi a David Kerr ankatenga ophunzira a ku Chancellor College kupita nawo ku midzi ya ku Liwonde, mogwirizana ndi ogwira ntchito zaumoyo kumeneko. Sankapita ndi sewero lolembedwa kale ayi. Ankayamba kucheza ndi anthu pachitsime ndi pabwalo, kumva chimene chikuwasautsa, ndipo kuchokera pa zimenezo ankapeka sewero la madzi oipa, la zimbudzi ndi la matenda otsegula m'mimba. Pakati pa sewero ankaima n'kufunsa oonerera kuti munthu wa m'seweroyo achite chiyani. Anthu ankatsutsana, amayi amene sankalankhula pa misonkhano ankalankhula, ndipo zokambiranazo zinkathera pa kugawana ntchito yosamala zitsime ndi kukumba zimbudzi. Ophunzira a nthawi imeneyo ankayenda ulendo wa pagalimoto kukafuna mudzi wovutika ndi madzi. A lero mudziwo akugonamo.

Sabata ya chilangizo ingathe kupatula tsiku limodzi loti ophunzira akale atenge atsopano n'kuyenda nawo m'njira za ku Chikanda pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Awaonetse pamene pali madzi abwino, kathiridwe ka mankhwala a klorini m'ndowa, ndi njira yachidule yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba usiku. Ali yense aphunzire kusungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo paketi ikasowa, kusakaniza masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita yomweyo, n'kumamwetsa wodwala ali pa ulendo wa kuchipatala. Madzulo ake gulu la zisudzo lichite sewero pabwalo la m'mudzimo, osati mu Great Hall, ndipo eni nyumba aitanidwe akhale pa mipando ya kutsogolo, kuti sewero likaima pa funso la chimbudzi, oyamba kufunsidwa akhale iwo.