Akati "kamusamalireni kunyumba": tiyese ndi chiyani chisamaliro cha odwala osachira kwa Chiwalo?

Kuchipatala kuli mawu amene magadiyani amawaopa kuposa dzina la nthenda: "Ife tachita mbali yathu, mutengeni mukamusamalire kunyumba." Banja la kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, likamva zimenezi limamanga mapoto ndi zitenje, kusaka galimoto kapena njinga yamoto, n'kubwerera kumudzi ndi munthu amene khansa yamulowerera, kapena amene mtima ndi impso zafooka. Kuyambira tsiku limenelo palibenso amene akuyembekeza kuti achira. Koma munthu wosachira akhoza kusamalidwa bwino kapena kusamalidwa moipa, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Nanga tidziwa bwanji? Pa malungo nkhani n'njachidule: wachira kapena sanachire. Apa wosamalidwa bwino ndi wonyanyalidwa onse amathera kumanda, ndipo wodwala amene akanatiuza mmene zinayendera sakhalaponso kuti achitire umboni.

Ntchito yosamalira anthu otere ili ndi mbiri yake. Mu 1967 Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London, ndipo chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti ululu wa munthu amene akufa si wa m'thupi mokha, umakhalanso m'maganizo, m'banja ndi mu mzimu. Ku Harare, Island Hospice inayamba mu 1979. Ku Uganda, Dr Anne Merriman anakhazikitsa Hospice Africa mu 1993, n'kusonyeza kuti mofini wamadzi wotsika mtengo akhoza kufika kwa wodwala wa kumudzi. Kuno kwathu kuli Tiyanjane ndi Umodzi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli Ndi Moyo imene mayi Lucy Finch anayambitsa ku Salima, ndipo bungwe la PACAM lakhala likugwirizanitsa ntchitoyi kuyambira 2005. Boma linatulutsa ndondomeko yake ya chisamaliro chotere mu 2014, chaka chomwenso msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chisamalirochi chikhale mbali ya ntchito za umoyo m'dziko lililonse. Pa kawuniwuni wa maiko onse wa 2017, Malawi anaikidwa m'gulu la pamwamba, la maiko amene chisamalirochi chinalowa kale mozama m'zipatala zawo.

Ulemu umenewu ndi woyenera, anthu anaukhetsera thukuta. Koma sunganene kalikonse za usiku wa mayi mmodzi amene wagona pamphasa kuseri kwa Nambazo, kwa Chiwalo. M'Malawi chisamalirochi sichinamangidwe pa nyumba zapadera zogonekamo odwala mpaka kumwalira monga zilili kwina. Chimayenda kudzera m'makiliniki a m'zipatala, mwa anamwino ndi madokotala ophunzitsidwa, mwa alangizi a zaumoyo, mwa anthu ongodzipereka a m'mipingo ndi m'midzi. Ku Phalombe kwa zaka zambiri chipatala chachikulu chinali cha mishoni cha Holy Family, ndipo cha boma ku Migowi chinatsegulidwa mu 2022. Wodwala wa kwa Chiwalo amakhala pakati pa zipatala zimenezi ndi khomo lake, ndipo nthawi yambiri ali pakhomo.

Pa nkhani ya kayesedwe ka chisamalirochi pali mbali ziwiri. Mbali imodzi imati njira yoyesera ilipo kale, ndi ya makaundula. Oyendera akafika pa kiliniki afunse: pali anthu angati ophunzitsidwa ntchitoyi? Mofini alipo, ndipo akusungidwa m'kabati yokhoma monga malamulo amafunira? Kaundula wa mankhwala oopsa akugwirizana ndi mabotolo? Odwala angati analembetsedwa, angati anayenderedwa kunyumba? Amene amanyoza njira imeneyi kuti ndi ya mapepala chabe akulakwitsa. Popanda kaundula mankhwala amasowa popanda woyankhapo, ndipo mofini si mankhwala oti aziyendayenda mwachisawawa. Popanda chiwerengero cha odwala, ofesi ya zaumoyo ya boma ilibe poyambira poitanitsa mankhwala ku Central Medical Stores Trust. Munthu wa mtima wabwino koma wosaphunzira akhoza kumupweteka wodwala akuganiza kuti akumuthandiza. Ndiponso mapepala sakondera: sasamala kuti namwino ndi wachibale wa mfumu kapena amaimba kwaya.

Vuto la kaundula n'lakuti amawerenga zochita za chipatala, osati zimene zachitikira wodwala. Mzere wonena kuti wodwala anayenderedwa umaoneka chimodzimodzi kaya woyenderayo anakhala pansi ola lathunthu n'kutsuka bala, kaya anaima pakhomo n'kufunsa "mwadzuka bwanji" ali pa njinga. Kabati ikhoza kukhala yodzaza chifukwa chakuti ogwira ntchito akuopa kulembera mofini, ndipo woyendera adzalemba kuti mankhwala alipo. Koposa zonse, kaundula sadziwa munthu amene sanafike. Pali mwambi woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma odwala amene tikunena pano ndi aja amene sangathenso kudzuka n'kufika pachitsekocho. Mvula ikagwa m'chigwa cha Phalombe misewu ya dothi imasanduka matope, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho m'boma lino. Wodwala amene sanabwere mwezi wotere amangosowa m'buku, ndipo buku limaoneka laukhondo.

Mbali inayo imati funsani banja, ndi iwo amene anaona. Apa pali choonadi chachikulu. Gadiyani amadziwa ngati wodwala anagona kapena anachezera kubuula. Amadziwa ngati namwino analankhula naye ngati munthu. Kwa Alomwe, monganso kwa Amang'anja ndi Anyanja oyandikana nawo, matenda aakulu ndi nkhani ya mbumba yonse, ndipo amalume kapena mwini mbumba ayenera kudziwa ndi kuvomereza zazikulu. Wogwira ntchito amene salemekeza zimenezi, ngakhale atadziwa mankhwala onse, amasiya banja litagawanika.

Komabe ndikukana kuti mawu a banja okha akhale muyeso, ndipo chifukwa chake chimandipweteka. Ife ndife anthu othokoza. Munthu wa kumudzi amene wapatsidwa panado ndi mawu aulemu adzanena kuti "anatithandiza kwambiri", ngakhale mayi ake anamwalira akukuwa ndi ululu umene mankhwala otsika mtengo akanauthetsa. Sakunama. Sadziwa kuti ululu wa khansa umatheka kuuchepetsa, choncho amautenga ngati gawo la nthendayo. Palinso mantha: chipatala ndi chomwecho chimene mawa adzapitako ndi mwana wodwala malungo, ndiye angadandaule bwanji? Ndipo nthawi zina banja limaweruza mosemphanitsa. Dokotala amene akupitiriza kuika madiripi ndi kubaya majakisoni osathandiza amaoneka wolimbikira, pamene amene wanena zoona kuti nthendayi siichira amaoneka ngati wataya wodwala.

Ndiye ngati makaundula saona ndipo mabanja amathokoza msanga, tigwire pati? Ine ndikuti tiyambire pa botolo la mofini, osati m'kabati, koma pambali pa mphasa. Amene analerapo wodwala khansa amalidziwa: botolo la pulasitiki lokhala ndi madzi amankhwala, ndi sirinji yopanda singano yoyezera. Mankhwalawa amamwedwa maola anayi alionse, osadikira kuti ululu uyambe, chifukwa ululu ukabwerera umavuta kuugonjetsanso. Gadiyani wophunzitsidwa bwino amadziwa mzere wa pa sirinji pamene ayenera kulekezera, amatchera alamu ya pafoni kapena kuyendera nthawi za pa wailesi, ndipo amadziwa chochita ululu ukabuka pakati pa nthawi. Amadziwanso kuti mofini amamanga m'mimba, choncho ayenera kuperekedwa pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Wodwala amene wapatsidwa mofini popanda amenewa amachoka pa ululu wina n'kulowa pa wina. Mafunso atatu kwa gadiyani, akuti mumamwetsa nthawi yanji, mumayeza bwanji, ndipo botolo likatsala pang'ono mumatani, angaulule zambiri za kiliniki kuposa tsiku lathunthu loona mafayilo.

Funso lachitatulo ndilo lolemera kwa anthu a kwa Chiwalo. Botolo likatha, wina ayenera kusiya kumunda, kulipira njinga kupita ndi kubwera, kukaima pamzere, n'kutheka kukapeza kuti wolembera mankhwala palibe tsiku limenelo. Masiku awiri opanda mankhwala kwa munthu amene wazolowera mofini ndi chizunzo. Choncho chisamaliro chabwino ndi chimene chimaganizira ulendowu pasadakhale: kupereka mankhwala okwanira, kulola gadiyani kudzatenga popanda kunyamula wodwala, kusiya nambala ya foni imene imayankhidwadi. Uganda inasintha lamulo mu 2004 kuti anamwino ophunzitsidwa mwapadera azilembera mofini, pozindikira kuti madokotala sangafike paliponse. Bungwe la akatswiri la Lancet linapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira mofini wosakwana 1 peresenti ya yense amene amagawidwa. Oopa kuti mankhwalawa angabedwe kapena kugwiritsidwa ntchito molakwika ali ndi mfundo, koma vuto lathu lalikulu n'kusowa, osati kuchuluka.

Pali mphekesera imene imafunika kuithetsa mwachindunji, yakuti mofini ndi mankhwala omalizitsa munthu. Imabadwa chifukwa chakuti ambiri amapatsidwa mankhwalawa mochedwa, kutatsala masiku ochepa, ndiye abale amalumikiza botolo ndi maliro. Woperekedwa pa muyezo woyenera, mofini safupikitsa moyo. Kiliniki imene simakhala pansi ndi banja kufotokoza zimenezi idzapeza botolo litabisidwa kudenga lili lodzaza.

Tikachoka pa botolo, chachiwiri choyang'ana ndi thupi la wodwala. Limanena zoona zimene pakamwa pangabise. Zilonda za pogonera pa matako ndi m'chiuno zimasonyeza kuti palibe anaphunzitsa banja kumutembenuza. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko ovutika nayo kwambiri padziko lonse, imabweretsa kukha magazi ndi fungo limene limathamangitsa ngakhale ana a wodwalayo, mayi n'kutsala yekha m'kachipinda. Fungolo limachepa ndi mankhwala wamba a Flagyl, ndipo pa mabala a kunja anamwino amaphunzitsa kuwapera n'kuwaza pabala. Mayi amene fungo lachepa amayambanso kudya pamodzi ndi anzake. Zimenezi sizilowa mu lipoti la mwezi, koma kwa iye ndi ulemu wake wonse.

Nkhani ya kunena zoona ndi imene anthu amagawanikapo kwambiri, ndipo mbali zonse ndimazimvetsa. Abale amakokera dokotala pambali: "Musamuuze, angataye mtima." Amatero chifukwa cha chikondi, komanso chifukwa kwathu kutchula imfa munthu ali moyo kumamveka ngati kumulosera. Koma mtengo wa chinsinsichi ndi waukulu. Banja losadziwa zoona limagulitsa mbuzi, njinga, ngakhale kubwereketsa munda, kuthamangira kwa asing'anga, kwa aneneri ndi ku zipatala zolipira, ndipo pomaliza limatsala ndi maliro ndi ngongole. Matenda osamveka amabalanso kulozana zala za ufiti, ndipo nthawi zambiri chala chimagwera gogo wosalakwa. Wodwala naye amalandidwa mpata wonena za ana ake, za munda, za amene akufuna kukhululukirana naye. Sindikunena kuti aliyense auzidwe mokakamiza. Wogwira ntchito waluso amayamba wafunsa wodwala zimene akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa, n'kuyenda naye pang'onopang'ono, amalume ndi abusa kapena shehe ali pomwepo ngati iye wafuna. Choyenera kuyesedwa n'chakuti kodi kukambirana kumeneku kunachitika, kapena banja linangopatsidwa kabuku ka kuchipatala kolembedwa m'Chingerezi.

Chida choyesera zinthu zotere chilipo, ndipo chinapangidwira Africa. Bungwe la African Palliative Care Association lili ndi mafunso khumi, asanu ndi awiri a wodwala ndi atatu a banja, oyankhidwa pa muyezo wa 0 mpaka 5. Amafunsa za ululu, za zovuta zina za m'thupi, za nkhawa, ngati munthu ali pa mtendere, ngati banja lauzidwa zokwanira ndiponso ngati likudzidalira posamalira wodwala. Muyezo wa 0 mpaka 5 umakwanira pa dzanja limodzi, choncho ngakhale wosadziwa kuwerenga amaonetsa ndi zala. Mphamvu yake ili pa kubwereza: ululu unali 5 sabata yatha, lero uli pati? Ngati sukutsika, china chake chisinthe. Ena adzati namwino mmodzi amene ali ndi mzere wa amayi apakati ndi ana alibe nthawi ya mafunso khumi. N'zoona. Koma funso limodzi la ululu, lolembedwa m'kabuku ka wodwala ulendo uliwonse, silitha mphindi.

Wofunsayo asakhale yekhayo amene akupereka chithandizo. Makomiti oyang'anira zipatala zing'onozing'ono alipo, mafumu alipo, ndipo m'zipatala za boma muli maofesi olandira madandaulo. Komiti ya chipatala ikhoza kumayendera mabanja angapo oferedwa pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, osafunsa kuti "anakuthandizani bwino?" chifukwa yankho lake timalidziwa kale, koma kufunsa zogwirika: masiku angati mankhwala anatha, ndani anabwera kunyumba, munauzidwa chiyani za nthendayo, usiku womaliza anagona kapena ayi. Mayankho amenewa apite ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Phalombe pamodzi ndi ziwerengero za m'kaundula, ndipo pamene ziwirizi zasemphana, oyendera ayambire pamenepo.