Khoswe wa Pamkhate

Inu amene mwapatsidwa makiyi a thumba la boma, tcherani khutu. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nzoona, koma mkhate nawo uli ndi tsiku lake losweka.

Ku China, m'nthawi ya mafumu a Qing, boma linali ndi malo atatu owombera nsalu za silika: ku Nanjing, ku Suzhou ndi ku Hangzhou. Mikanjo ya mfumu ndi nsalu zopatsa nduna zinkachokera kumeneko. Pa chowombera chimodzi pankakhala amisiri awiri, wina pamwamba akukoka ulusi wa maluwa, mnzake pansi akuwomba. Dzuwa linkalowa atangowomba kansalu kosakwana chikhatho. Chuma cha malowa chinali thukuta la anthu amenewa.

Mu 1663 Cao Xi adaikidwa kukhala woyang'anira wa ku Nanjing. Mkazi wake ndiye adalera Mfumu Kangxi ili khanda, choncho banjali linali pamsana pa njovu. Patapita zaka mpandowo udagwera mwana wake, Cao Yin, pomwe Li Xu, mlamu wa Cao Yin, ankayang'anira ku Suzhou. Awiriwa ankasinthananso pa ntchito yotolera msonkho wa mchere.

Pakati pa 1699 ndi 1707 mfumu idafikira kwa Cao Yin kanayi. Kuchereza mlendo wotere si nkhani ya nkhuku imodzi: nyumba zidakonzedwa, maphwando ndi zisudzo zidachitika, mphatso zidaperekedwa. Ndalama zake Cao Yin adatapa m'thumba la boma. Anthu ankasirira ulemererowo, osadziwa kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kangxi ankadziwa. Adachenjeza, koma sadalange. Cao Yin atamwalira ndi malungo mu 1712, kwinini amene mfumu idatumiza asadafike, adasiya ngongole ya siliva yoposa ma tael 300,000 (tael ndi muyeso wa siliva). Mfumu idalola Li Xu kugwiranso za mchere chaka china kuti akwirire dzenjelo. Kumeneko kunali kukumba dzenje lina pofuna kufotsera loyamba.

Mlandu suwola. Kangxi adamwalira mu 1722, ndipo mwana wake Yongzheng adatsegula mabuku. Mu 1723 katundu wa Li Xu adalandidwa. Mu 1728 zidafika kwa Cao Fu, amene pa nthawiyo anali pa mpando wa Cao Yin ku Nanjing: nyumba, minda ndi antchito zidapita, banja n'kusamukira ku Beijing lili chimanjamanja.

Ana anga, chomwe chimandiwawa n'chakuti Cao Yin sanali mbala ya usiku. Anali munthu wokonda mabuku, wokhulupirika kwa mbuye wake. Chidawononga nyumba yake n'kuyesa kuti kukondedwa ndi wamkulu kumafafaniza ngongole.

Bwana akakuuzani kuti tapani pang'ono, tidzabweza, mupempheni alembe ndi dzanja lake. Akakana, nanunso kanani mwaulemu. Iye adzachoka, koma dzina lanu lidzatsala m'buku, ndipo adzayankhe mwina ndi adzukulu anu amene sadalaweko ngakhale fupa la paphwandopo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.