Sewero alibwereza mawa, mlendo ndi mame

Lachiwiri lapitali ndinakacheza kwa achimwene anga ku Chilomoni. Ndinaodira kawiri pakhomo, kuli zii. Nditakankha chitseko ndinapeza banja lonse lili pabalaza, maso ali dwii pa kanema. Alamu anangondilozera mpando ndi rimoti: "Khalani kaye alamu, pangotsala pang'ono." Pa Zee World mtsikana wina anali kupirikitsidwa pabanja ndi apongozi ake, alamu akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kukhitchini nyemba zikupserera. Moni ndinaulandira patatha mphindi 20.

Misozi ya alamu sindikuinyoza ayi, inali yochokera pansi pamtima. Akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba kale mu 1956 kuti munthu akamaona nkhope imodzimodzi pa kanema tsiku ndi tsiku, mtima umayamba kuitenga ngati ya mnansi. Umamudziwa, umamudera nkhawa, pamene iye sakudziwa n'komwe kuti uliko. Ndi chibale choyenda ndi mwendo umodzi.

Okonza masewero amadziwa bwino pomwe mtima umakodwa. N'chifukwa chake gawo lililonse limathera pomwe chitseko changotseguka kumene, kapena kalata ili m'manja koma sinawerengedwe. Mu 1927 katswiri wina, Bluma Zeigarnik, anaonetsa kuti ntchito yosiyidwa panjira imakakamira m'mutu kuposa yomalizidwa. Ndiye mumagona nalo sewero, n'kudzuka nalo, mpaka kukalikambirana pampopi ngati mlandu wa pamudzi.

Kumbukirani kuti kanema ndi mlendo wa dzulodzuloli kuno kwathu. M'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake, ndipo Television Malawi inayamba mu 1999. Sipanathe ngakhale zaka 30, koma kanema walanda kale mpando wa agogo. Ife tinakulira pamoto, agogo akati "Padangokhala," ife n'kuvomera "Tili tonse." Mvetsetsani mawu awiriwo. Nthano inkafuna kuti uyankhe, uimbe nawo, uyang'ane wokambayo kumaso. Mantha akakugwira pa nkhani ya fisi, unkatsamira mwendo wa munthu wamoyo. Kanema safuna yankho lako, ndipo ukayesa kulankhula ena amakuuza kuti ukusokosa.

Mantha ochokera pa kanema ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. George Gerbner, atafufuza kwa zaka zambiri ku America, anapeza kuti oonera kwambiri kanema amaganiza kuti dziko n'loopsa kuposa momwe lilili. Nanga mwana amene madzulo alionse amaona apongozi akuthira mankhwala m'chakudya, kapena nkhalamba ya m'filimu ya ku Nigeria ikulodza mdzukulu wake, adzawaona bwanji agogo ake akumudzi? Tonse tikudziwa zimene okalamba ena akumana nazo m'dziko muno atanamiziridwa ufiti. Sindikunena kuti kanema ndiye adayambitsa nkhanza zimenezi, koma moto woyaka kale suthiridwa palafini.

Chomwe chinandiwawa kwenikweni usiku uja si moni wochedwa. Pakona, pamphasa, panakhala amayi athu okalamba. Nditawayandikira anandinong'oneza kuti mwendo wawo watupa, lero tsiku lachitatu. Ndinavundukula nsalu n'kuona phazi lili nyezinyezi, patapata osalowa. M'nyumba yodzaza anthu achifundo, olirira mtsikana wa ku Mumbai yemwe kulibeko, panalibe amene anaona phazi limenelo.

Achimwene ndi alamu si anthu ouma mtima, ndikuwadziwa. Chifundo chawo chinangopita komwe maso anapita. Inunso mukudziwa kuti kwanu zimachitika.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nkhalamba nayonso ndi mlendo m'nyumba mwathu, ili paulendo. Gawo limene mwaphonya alibwereza mawa masana. Wina akaodira, kapena amayi akasuntha pamphasa, tsitsani voliyumu, mutembenuke, mufunse kuti, "Mwaswera bwanji?" Ndipo mudikire yankho.