Tisiyireni Mmodzi Pambali pa Bedi

Matenda a munthu wokalamba sadikira kuti kuche. Agogo amagwa usiku popita kukataya madzi, pakamwa papotoka, dzanja lalefuka, ndiye ife uyo kukagogoda kwa mwini galimoto, kunenerera mtengo mumdima chifukwa ambulansi akuti ilibe mafuta. Tikangolowa pageti la chipatala dzina lathu limasintha. Sitilinso ana kapena adzukulu, ndife magadiyani.

Ntchito ya gadiyani ndani saidziwa? Kukankha wilitcheya mpaka ku X-ray, kuyang'anira diripi kuti ikatha tikaitane anamwino, kuwatembenuza agogo kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kutaya mikodzo, kuphika phala ndi nkhuni zogula. Magazi akasowa, mkono wobaya ndi wathu. Mankhwala akasowa timapatsidwa kapepala kuti tikagule kufamase. Usiku timayala chitenje pasimenti. Zimenezi sitiwerengera, ndi mayi athu, anatibereka kumbuyo. Anamwinonso timawaona mmene akuvutikira, mmodzi yekha wodi yonse mpaka mbandakucha.

Koma nthawi ya raundi ikakwana timangomva, "Magadiyani nonse panja!" Apa ndiye pamatiwawa. Adokotala amafika pabedi n'kufunsa, "Agogo, mukupeza bwanji?" Agogowo khutu linagontha kale, ndiponso analeredwa kuti munthu sadandaula pamaso pa akuluakulu. Amangoti, "Pang'ono, bambo." Pomwepo munthu amene akudziwa kuti mankhwala a BP anawathera mwezi watha, kuti akhala masiku awiri osakodza, kuti dzulo anamwa zitsamba za kwa asing'anga, ali panja akusuzumira pawindo. M'kabuku ka kuchipatala zonsezi mulibe. Agogo akayamba kuyankhula zosokonekera, amene sakuwadziwa amati ndi ukalamba basi. Ife tikudziwa kuti Lachiwiri lomweli anali kudimba, akuwerenga okha ndalama za tomato.

Tikabwerera mkati timafunsa, "Ati chiyani adokotala?" Yankho ndi lakuti, "Kaya, sindinamve." Foni ikulira, achimwene ku Joni akufuna kudziwa matenda ake ndi ndalama zoti atumize, ife kukamwa yasa.

Nafenso tili ndi vuto lathu, tisabise. Timabwera mudzi wonse, kudzaza kakhonde, madokotala n'kusowa podutsa. Pamenepo kutithamangitsa n'koyenera. Koma kuthamangitsa khamu ndi kwina, kuchotsa pakamwa pa wodwala ndi kwinanso.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo tinakondwa. Tsono chitetezocho chifike mpaka pabedi. Inu akuluakulu a zipatala, wodwala akakhala wokalamba, lolani gadiyani mmodzi atsale pa nthawi ya raundi. Mumufunse zomwe waona usiku, mumuuze m'Chichewa chomveka chomwe mwapeza ndi mmene mankhwala amwedwere. Enafe tidikira panja.