Nyumba ya Moŵa ya ku Munich ndi Mabala a pa Kasiya

Mumzinda wa Munich, ku Germany, muli nyumba ya moŵa yotchedwa Hofbräuhaus. Anaiyambitsa ndi Wilhelm V, wolamulira Bavaria, m'chaka cha 1589 kuti izifulula moŵa wa banja lachifumu, ndipo Mfumu Ludwig I ndiye analola anthu wamba kumwerako mu 1828. Nyumba yake ya lero inatsegulidwa mu 1897, mmisiri wolemba mapulani ali Max Littmann. Mabomba a nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ataigumula, inamangidwanso n'kutha mu 1958.

Choyenera kulingalira ndicho kamangidwe kake. Chipinda chapansi n'chotakasuka, denga lake lopindika ngati uta, lotsamira pa nsanamira zonenepa. Magome ndi aatali, okhalira mabenchi, motero mlendo amakhala moyandikana ndi mkulu wa mumzindamo. Chakudya chimaphikidwa momwemo, ndipo pakati pali bwalo la mitengo ya mthunzi. Ofika kaŵirikaŵiri ali ndi magome awo, ena mpaka amasungitsa zikho zawo pamenepo. Munthu samwa mobisala m'nyumba yotere.

Kodi nzeru imeneyi ndi yachilendo kwa Mcheŵa? Iyayi ndithu. M'midzi ya kwa Kabudula, moŵa wa masese unali kumwedwa poyera, patsinde pa mtengo, pa dima, pa ukwati kapena pa bona. Mwini moŵa anali kuyamba kulaŵa, chipanda n'kumayenda dzanja ndi dzanja, akulu akuona. Mnyamata sanali kuyandikira mtsuko asanaitanidwe.

Tsono mabala ambiri amene akumera pa Kasiya ndi pa Nsaru, makamaka m'nyengo ya msika wa fodya, ndi tizipinda topanikiza, ta zenera limodzi, topanda chimbudzi ngakhale mphika wa ndiwo. Mumdima wotere mwana wa Fomu 2 amaloŵa ndi kutuluka popanda womuzindikira. Aphunzitsi ndiwo amaona zotsatira zake Lolemba m'maŵa. Boma linaletsa moŵa wa m'masacheti mu 2015, koma chipinda chinatsala momwemo.

Khonsolo ya boma la Lilongwe, isanapereke chiphaso chogulitsira moŵa, iyenera kutuma munthu kukaŵerenga mazenera, kukaona chimbudzi, ndi kuyeza mtunda wochokera pakhomo pa bala kukafika pa mpanda wa sukulu.